Msewu wa pamutu pa a Weramani

Mumsewu mwathu muli malo ometera awiri oyang'anizana, koma kwa ife amene tsitsi layamba kutithawa, wometa ndi mmodzi basi, a Weramani. Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso chomwe anamata pamwamba pa galasi, koma dzuwa linalifufuta kalekale ndipo palibe anadandaula. Loti Weramani linachokera pakamwa pawo pomwe. Ukakhala pampando wawo sakupatsa moni kawiri. Amakukulunga nsalu m'khosi, n'kukuika zala ziwiri pankhongo, kenako mawu amodzi: "Weramani." Aphunzitsi amawerama, apolisi amawerama. Ngakhale abusa, amene Lamlungu amaweramitsa mpingo wonse, Loweruka amawerama pamaso pa bambo amenewa.

Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi, kopanikizika pakati pa wokonza mawotchi ndi mayi wogulitsa ulusi. Muli benchi, galasi lalikulu long'aluka pakona, botolo la sipiriti, ndi mpando umodzi wachitsulo wokhala ndi popondera mapazi, umene amati unali wa dokotala wa mano. Pafupi ndi chitseko pali msomali wautali. Pamenepo ndi pokoleka zipewa. Munthu salowa ndi chipewa kumutu kwa a Weramani, ngakhale atangobwera kudzafunsa nthawi. Iwo amati chipewa chinapangidwira anthu amene anametedwa ndi wometa wachabechabe. Mpala nawo amadana nawo. Ukawapempha kuti angochotsa lonse, amakuyang'ana ngati wawatukwanira makolo, n'kukulozera kutsidya kwa msewu: "Pitani uko, kuli wodziwa kupala mbatata."

Kutsidyako kuli mnzawo wa ntchito yomweyo, bambo wa zaka zapakati, wokonda wailesi yokweza ndi kulemba mizeremizere m'mitu mwa achinyamata. Tonse timangomuti Wakutsidya. Chiyambireni awiriwa amapatsana moni ndi chibwano chokha.

Lamulo lalikulu la a Weramani n'lakuti munthu akalowa m'nsalu, mutu si wakenso. Sugwedezeka, sutembenuka, suyankha foni. Ndale uzinene uli pabenchi, pampando umangomvera. Akamaliza amatenga kagalasi ka m'manja, n'kukaika kumbuyo kwako kuti uone kunkhongo, n'kufunsa kuti, "Mwakhutira?" Sindinamvepo munthu akuti ayi.

Chinthu chimodzi chimene tonse sitinachionepo ndi a Weramani atakhala pansi. Amatsegula ali chilili, amadya ali chilili mbale ili pawindo, nyuzi amawerenga atatsamira khoma. Pakasowa kasitomala amasesa tsitsi limene asesa kale. Wokonza mawotchi amalumbira kuti bambo amenewa maondo awo sanapindikepo chimangireni shopuyo.

Matenda a shuga anawapeza zaka zingapo zapitazo, ndipo kunena zoona sanavute nawo. Mapiritsi amamwa pa nthawi yake, tiyi amamwa wopanda kanthu, ndipo ukaonekera ndi botolo la zozizira pabenchi pawo umalandira ulaliki waulere. Anasanduka dokotala wa mumsewu. Zonse zimene anawauza kuchipatala anazitsata, kupatula chimodzi chimene sanachiwerengere ngati mankhwala: kupuma.

Vuto linayamba ndi kachidutswa ka lezala. Kanathyoka, kanagwera pansi, kanaboola nsapato yakutha, ndipo anayenda nako tsiku lonse osamva kanthu, poti mapazi awo anachita dzanzi kalekale ndi matenda aja. Anakazindikira ndi akazi awo madzulo, ataona magazi pa sokosi. Mayi amenewa anagwira ntchito yophikira ana pasukulu ya mkaka mpaka kupuma pantchito, ndiye amayankhula ndi munthu aliyense ngati wa zaka zinayi: mofatsa, momveka, ndipo kamodzi kokha.

Chilonda chinakana kupola. Anamwino akuchipatala anachitsuka, anachimanga, kenako anawauza mosapita m'mbali:

"Bambo, phazi ili lisapondenso pansi mpaka nditanena ine. Mukhale, mwendo pa pilo. Mukapitiriza kuimirira tsiku lonse, tidzayamba ndi chala, kenako phazi, ndipo sindikudziwa kuti tidzalekera pati."

A Weramani anavomera ndi mutu mwaulemu. Mmawa mwake anatenga nsapato yakale, anaidula pamwamba kuti bandeji ikwane, ndipo tinawapeza atatsegula monga mwa masiku onse.

"Sichikupweteka," ankatero tikafunsa. "Chinthu chosapweteka ndichigonere bwanji? Komanso mitu yonseyi ndiisiyire ndani, wopala mbatata uja?"

Mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, ankaimba foni tsiku ndi tsiku. Ife pabenchi tinkamva mbali imodzi yokha.

"Ndakhala, mwanawe. Ee, ndakhala pansi. Phokosolo? Ndi wailesi ya kutsidya."

Akunena choncho makina ali m'khutu mwa aphunzitsi ena opuma pantchito, akulira ngati njuchi. Mwana uja si wopusa. Akuti anaimbira mayi ake akulira, n'kunena kuti, "Amayi, adadi akundinamiza ngati ndine kasitomala."

Mayi aja anayesa zonse za anthu abwino. Anapempha. Anabisa kiyi wa shopu, koma bambo anali ndi wina m'thumba la jekete. Anaitana abusa, ndipo abusa anabwera ndi mawu okonzeka bwino, koma atangolowa anauzidwa kuti ndevu zawo zapota, anakhala pampando, anawerama, ndipo anatuluka osalala chibwano uthenga uli m'thumba.

Apa ndiyenera kufotokoza chinthu chimene ambiri sitinkachidziwa, ine ndinachimva kwa mayi wa ulusi, amene anachimva kwa mwini wake. Wometa sadzimeta yekha. A Weramani, chikwatirireni, amametedwa ndi akazi awo, Lamlungu masana, pakhonde la kuseri kwa nyumba. Anawaphunzitsa okha adakali achinyamata. Ndipo si chifukwa cha chikondi chokha ayi. Ali mwana anagwa mumtengo wa mapeyala, ndiye pakati pa mutu pali chigwa ndi chipsera chachitali, chimene amachibisa ndi tsitsi lopesedwa mwaluso. Padziko lonse amene anachionapo ndi mayi awo malemu ndi akazi awo.

Lamlungu limenelo anatulutsa mpando, anadzikulunga okha nsalu, anapereka makina. Mayi analumikiza ku magetsi, anachotsa kachipeso kamene kamaletsa makina kufika pakhungu, n'kukaponya m'thumba la diresi.

"Weramani," anatero mayi.

Bambo anawerama. Makina anayamba pachipumi, anakwera, anadutsa m'chigwa muja, anatsikira kunkhongo. Ulendo umodzi, wosakhota. Kenako anazima.

A Weramani anamva mphepo pamalo pamene sipanapitepo mphepo chiyambire ubwana wawo. Anakweza dzanja m'nsalu.

"Musagwedezeke," anatero mayi. "Muli m'nsalu."

"Mayi, mwatani?"

"Ndatsegula msewu."

"Makina alakwa?"

"Makina ali bwinobwino. Ndamaliza."

"Mwamaliza chiyani? Bweretsani galasi!"

Anawabweretsera. Zimene ananena bambo atadziona, mayi wa ulusi anakana kundibwerezera, akuti iye ndi wa kwaya. Mayi anangokulunga waya wa makina modekha, n'kunena kuti:

"Njira zilipo, bambo. Mukhoza kumeta mpala, anthu aone chigwa. Mukhoza kuvala chipewa, mukachikoleke pa msomali wanu uja. Kapena mukhoza kukhala m'nyumba, mwendo pa pilo, mpaka tsitsi limere. Sankhani nokha, ine sindikakamiza munthu."

Lolemba shopu sinatsegulidwe. Tinasonkhana pakhomo ngati nkhuku zodikira gaga, mpaka mayi anafika ndi kiyi, anatenga botolo la sipiriti ndi tawulo, n'kutiuza kuti abambo akupuma ndipo amene tsitsi lamuvuta awoloke msewu. Sananene za mutu. Koma nyumba zathu n'zoyandikana, ndipo mawu amene anamveka Lamlungu lija anadumpha mipanda ingapo. Pofika masana msewu wonse unkadziwa kuti pali msewu wina.

Tinapita kukawaona, ena chifukwa cha chisoni, ambiri chifukwa cha maso. Tinawapeza pabalaza, makatani otseka, mwendo pa mapilo awiri, tawulo kumutu ngati munthu wofukiza chimfine.

"Tawulo si chipewa," anatiuza tisanafunse.

"Palibe wanena kanthu, akulu," anatero wokonza mawotchi, maso ali pa tawulo.

"Ndakuonani mukufuna kunena."

Masiku oyambawo anali munthu wovuta kukhala naye. Ankayankhula ndi akazi awo kudzera kwa alendo: "Auzeni mayi awo kuti madzi atha m'kapu." Mayi ankabweretsa madzi n'kuyankha kuti, "Auzeni bambo awo kuti mwendo watsika pa pilo." Ankakhala moyang'ana pa mpata wa katani, ndipo aliyense wodutsa ankamuyeza mutu. Akaona wina wametedwa kumene ankadziwa dzanja lake, n'kubuula ngati wamva uthenga wa maliro.

Amene anavutika kwenikweni ndi Wakutsidya. Mitu ya achinyamata ndi yosalala ngati mazira, koma yathuyi ili ndi mbiri. Tsiku loyamba lomwe anadula njerewere ya aphunzitsi opuma, imene a Weramani akhala akuizungulira mwaulemu kwa zaka zambiri. Abusa anatuluka ndi mzere m'mbali mwa khutu umene sanaupemphe, ndipo mpingo unauona. Pamapeto pake, tsiku lina mmawa, Wakutsidya anatseka wailesi, ananyamula chikwama chake cha zida, n'kukagogoda kwa a Weramani. Mayi anali atapita kumsika. Ine ndinalipo, ndinapita kukabweza nyuzi.

"Madala, ndabwera kudzafunsa," anatero ataima pakhomo, kapusi ili m'manja, poti malamulo ankawadziwa. "Mutu wa apolisi aja, kumanzere kuli chiyani? Makina akumangodumpha."

A Weramani anamulozera mpando.

"Pali fupa lotuluka. Usakwere molunjika, uzibwera cham'mbali. Ndipo usamufunse za mkazi wake, anathawa."

Anayamba choncho, mutu ndi mutu, msewu wonse. Uyu khungu lake silifuna lezala. Uyu amagona pampando, uzimugwira chibwano. Uyu dazi lake salidziwa, usamuonetse galasi la kumbuyo mothamanga. Sindinawaonepo akusangalala chotero chidwalireni. Ali mkati mofotokoza za khosi la abusa anatambasula manja, tawulo linatsetsereka, n'kugwa pansi.

Kunena chilungamo, msewuwo unali wowongoka bwino. Mayi aja ali ndi dzanja.

Wakutsidya sanaseke, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza mpaka lero. Anazungulira kumbuyo, anayang'ana mwaukatswiri, n'kunena motsitsa mawu:

"Madala, izi n'zokonzeka. Nditsitsa mbali zonse pang'onopang'ono, apa ndisiya kuti paphimbe chigwachi, msewu usanduka sitayilo. Achinyamata amachita kupempha zoterezi. Mawa mukhoza kutsegula."

A Weramani anayang'ana kukhomo, anayang'ana wotchi, kenako anati, "Uli ndi nsalu?"

Nsalu inali m'chikwama. Anawakulunga. Makina analowa ku magetsi, anayamba kulira. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, mayi analowa ndi jumbo ya masamba.

Ine ndinayamba kuwerenga nyuzi imene ndinali nditaimaliza kale. Wakutsidya anaima makina ali m'mwamba ngati mwana wogwidwa ndi supuni m'chitini cha mkaka. Koma mayi sanakalipe. Anaika jumbo patebulo, anakasamba m'manja, anabwera ndi beseni ndi bandeji yatsopano.

"Pitirizani, achimwene, ntchito yanu ndi ya kumutu," anatero. "Yanga ndi ya kuphazi. Kungoti ndibwerekeni kagalasi kanu ka m'manja."

Anagwada, anamasula bandeji pang'onopang'ono. Fungo linatipeza tonse. Kenako anaika kagalasi kaja pansi pa phazi, n'kukapendeketsa bwinobwino mmene bambo amachitira kunkhongo kwathu.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti a Weramani chilonda chawocho anali asanachionepo. Chili kunsi kwa phazi, msana wawo ndi wouma, maso ndi a shuga, ululu samva. Ankangomva anthu akunena, ngati nkhani ya kudziko lina. Tsopano anachiona: dzenje loti chala chikhoza kulowamo, m'mbali mwake motuwa, pakati pofiira modera.

"Apa ndiye kuti chayamba kuuma," anatero mayi. "Mukanachiona Lamlungu lija. Sokosi zanu ndimachapa ndine, bambo. Ndinkazichapa kuseri kuti musaone zimene zinkatulukamo, poti ndinkaopa kukuopsani. Ndinalakwitsa. Ine njinga ya olumala ndikhoza kukankha, mphamvu ndili nazo. Koma sindikufuna kuikankha ndikudziwa kuti tikanatha kungokhala pansi."

Anagwirabe kagalasi kaja osagwedeza dzanja. Kenako anafunsa, ndi mawu a mwini wake:

"Mwakhutira?"

A Weramani anayang'anabe m'galasimo, ndipo makina ankalirabe m'dzanja la Wakutsidya, amene anaiwala kuti ali nawo.

"Zimitsa," anatero pomaliza. "Chotsa nsalu. Mutu uno uli ndi mwini wake."

Anakhala. Sindinena kuti anasanduka mngelo, poti madandaulo sanathe, koma mwendo sunatsikenso pa pilo popanda chilolezo. Foni ya mwana wawo ikalira ankati, "Ndakhala, mwanawe," kenako n'kupatsira mayi kuti achitire umboni. Anaphunzira kugona masana, chinthu chimene ankati n'cha amphaka. Wakutsidya ankabwera akatseka kudzapereka malipoti a mitu, ndipo ankalandira zitonzo zake mokondwa ngati malipiro.

Koma tsitsi silidikira chilonda. Patapita milungu ingapo msewu unamera, unayamba kufanana ndi tchire la m'mbali, moti ndi chipeso chonyowa munthu akanatha kutuluka osachititsa manyazi ntchito yake. Anamwino anati chilonda chikutseka bwino, koma khungu likadali lanthete, apirirebe. Sabata imeneyo mayi anaona bambo akupukuta nsapato. Tsiku lina anawapeza ataima pawindo, akuyang'ana kumene kuli shopu, zala zikuchita ngati zagwira sizasi. Mayi anangowasiya. Akuti anali atatopa kukhala wapolisi m'nyumba mwawo momwe.

Lamlungu masana, bambo anadzikoka ndi ndodo mpaka pakhonde la kuseri, anakhala pampando, anadzikulunga nsalu. Mayi atabwera ndi makina, bambo anawalanda, anachotsa okha kachipeso kaja, n'kuwabwezera.

"Dutsaninso pomwe paja."

"Bambo?"

"Ndikudzidziwa, mayi. Mutu ukakhala bwino, mawa mundipeza kushopu. Tsegulaninso msewu, koma muwongole, uja unakhota pang'ono kunkhongo."

"Sunakhote."

"Unakhota. Ndinaufufuza ndi chala."

"Weramani," anatero mayi.

Phazi lilipo mpaka lero, zala zonse zisanu, ngakhale limafuna nsapato yofewa ndi kuyang'aniridwa madzulo aliwonse ndi kagalasi kawo ka m'manja ka kushopu kaja, kamene tsopano kamakhala kunyumba. Shuga sanachoke, ndipo sadzachoka. Shopu imatsegulidwa mmawa wokha. Kalipentala anawapangira mpando wautali wa matayala, ndiye amatimeta atakhala, akuzungulira kasitomala ngati mwana pa njinga. Achinyamata ndi onse ofuna changu amawatumiza okha kutsidya. Dzuwa likafika pamutu amatseka chitseko theka, n'kukwera pa mpando wa dokotala wa mano uja, umene anauimirira kumbuyo moyo wawo wonse, mapazi pa chopondera. Akuti sankadziwa kuti ndi wofewa choncho.

Masiku ena amaiwala. Nkhani ikakoma pabenchi, kapena mutu ukakhala wovuta, umangoona aimirira, mpando wa matayala wakankhidwira kukona. Zikatero timayang'ana kumsewu, poti nthawi imeneyo mayi amadutsa pochokera kumsika. Salowa, sayankhula. Amangoima pakhomo, n'kuyendetsa chala chimodzi pamutu pawo, kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo.

A Weramani amafufuza mpando ndi dzanja, n'kukhala.